Supuni Pakati pa Ine ndi Apongozi

Ndakhala pa chikamwini kwa Nazombe zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezi sindinakhalepo pa mphasa imodzi ndi apongozi anga aakazi. Sindinadyepo iwo akuona, sindinawagwirepo dzanja. Moni timapatsana, koma wapatali, ine nditanjuta pafupi ndi nkhokwe, iwo atayang'ana ku phiri la Michesi. Anyamata a masiku ano amati zimenezi n'zachikale, ena mpaka amakweza apongozi awo pa njinga. Ine ndinaleredwa mwina. Tsiku lina tinakumanizana pa kanjira ka kudimba, ine n'kupatukira m'munda wa eni ake kuti adutse. Iwo anaima pomwepo kucheza ndi mnzawo. Posowa chochita ndinayamba kuzula udzu, ndipo pomwe ankatsanzikana n'kuti nditapalira theka la ekala ndi manja. Mwini mundayo alipo, mukhoza kukamufunsa. Chaka chimenecho anakolola nandolo wambiri kuposa ine.

Nkhani zonse zimadzera mwa akazi anga. Ine ndimati, "Auzeni amayi kuti mbuzi yawo yalowa m'chinangwa." Akazi anga amatembenuka n'kubwereza zomwezo, ngakhale amayiwo amva kale. Yankho limabwerera njira yomweyo, nthawi zina atalichotsako tsabola panjira.

Njira imeneyi inatiyendera bwino mpaka chaka chomwe mwana wathu woyamba, wamkazi, anakhoza mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwira ku sekondale yogonera komweko ku Blantyre. Mwanayu chibadwire amakonda mawaya. Tochi iliyonse ya m'mudzi mwathu inadutsapo m'manja mwake, ndipo wailesi ya anganga ake, apongozi angawo, anaitsegula kawiri n'kuitsekanso popanda kotsala. Kalata itafika ine ndinavina mpaka nkhuku zinathawira kwa aneba. Apongozi anangoti ayi.

Kwathu kuno mwana ndi wakuchikazi. Amalume ake a mwanayu, omwe akanatha kudula nkhaniyi, amaopa mayi awo kuposa mphenzi. Ndipo chifukwa cha apongozi sichinali chopanda mutu. Ana awiri a mchemwali wawo anapita m'tauni, wina anabwerako ndi mimba, winayo sanabwereko n'komwe, amangotumiza moni pa foni. Iwo amati mwana aphunzire pa sekondale yoyendera ya pafupi, azimuona madzulo aliwonse. Mwanayo sanalire pagulu, koma anasiya kutsegula matochi, ndipo chakudya ankangochitosatosa. Kunatsala masabata atatu kuti sukulu zitsegulidwe.

Ndinayesa kudandaula, koma kukangana kudzera mwa womasulira n'kovuta. Ndikatumiza mawu odzaza dengu, ankafika okwana chipande. Ndiye ndinaganiza zina. Aphunzitsi a mwanayu anali atanena kuti ku miyuziyamu ya ku Blantyre, nyumba ija amasungiramo zinthu zakale, aikako chipinda cha zasayansi choti ana azikagwira ndi manja. Ndinagulitsa thumba la nandolo n'kuuza akazi anga kuti, "Auzeni amayi kuti Loweruka tikaone zinthu zakale ku Blantyre, kenako tikazungulire m'masitolo a nsalu."

Yankho linabwera msanga. "Akuti zakale tili nazo ku Fort Lister ndipo salipiritsa. Koma za nsaluzo akuti amva."

Loweruka m'mawa tinakwera minibasi pa Chiringa, anthu anayi ndi basiketi imodzi. M'basiketimo apongozi anaikamo chinangwa chophika, kalongonda, mazira owiritsa ndi supuni yaikulu yachitsulo yopakulira, poti chakudya cha m'tauni sachikhulupirira. Kondakitala, mwana wosadziwa mwambo, anandikhazika pa kampando kotentha kaja ka kuseri kwa dalaivala, koyang'ana kumbuyo, maso ndi maso ndi apongozi. Mawondo athu anatsala pang'ono kupatsana moni. Ndinapinda miyendo mpaka inalowa m'mimba, n'kuyang'ana kudenga. Ndinayang'ana dengalo kuchokera pa Migowi mpaka mu Limbe, ndipo ndikhoza kukuuzani misomali yake yonse ndi mayina a ana ake. Titatsika khosi linakana kubwerera. Ndinayenda choyang'ana kumwamba, anthu a pa depoti nawonso n'kuyamba kuyang'ana kumwamba kufuna kuona chomwe ndikuona. Wina analumbira kuti waona ndege. Sindikuwonjezera ngakhale kamchere.

Panja pa miyuziyamu pali chiinjini chakale cha sitima, chakuda bii, chachikulu ngati tchalitchi chathu. Mwana anachizungulira kawiri akusuzumira kunsi. Apongozi anachigogoda ndi ndodo yawo yoyendera n'kuuza akazi anga kuti, "Chitsulo chonsechi chikungokhala? Apa pali makasu a boma lonse la Phalombe."

M'kati tinalandiridwa ndi chemwali wina wovala chikhothi choyera, wolankhula mwaulemu, yemwe ntchito yake ndi kuonetsa alendo. Chipinda choyamba chinali cha zida zomwe makolo ankagwiritsa ntchito kalekale. Apongozi anaima pa galasi lina nthawi yaitali. Munali mtondo, munsi, lichero ndi khasu lakutha.

"Chemwali, mwati izi n'zakale?"

"Eya agogo, za makedzana."

"Ine ndasinjira muwoterewu dzulo. Ndipo wanga ndi wakale kuposa uwu. Mukadzafuna weniweni mudzabwere."

M'chipinda cha zasayansi, pakona, panaima mafupa a munthu wathunthu, atamangiriridwa ku chitsulo, mano onse ali pamtunda. Apongozi anaika basiketi pansi, n'kugwada pang'ono, n'kuwomba m'manja mwakachetechete monga timachitira pofika pa siwa. Kenako anafunsa kuti malemuwa kwawo kunali kuti, ndipo abale awo anavomera bwanji kuti asaikidwe.

"Ndi pulasitiki, agogo. Anachita kupanga ku fakitale."

"Ngakhale akhale wa pulasitiki, muvekeni kansalu. Muno mumalowa ana."

Chemwali uja anaseka n'kutiitanira ku makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Anadontheza madzi a pa chithaphwi pa kagalasi n'kutiuza kuti tisuzumire mmodzimmodzi. Ine ndinaona tizilombo tikuyendayenda ngati pa msika wa Lachinayi. Kena kanali ndi chipewa, ndipo kanandiyang'ana n'kundikodola. Akazi anga amati zimenezo n'zabodza, koma iwo anasuzumira katapita kale. Apongozi anasuzumira ndi diso ili, n'kusintha linalo, n'kudzuka atakwinya nkhope.

"Auzeni bambo a mwanayu kuti chitsime chathu chija achivindikire."

Apa ndi pomwe akazi anga anatuluka kukafuna kodzithandizira, n'kutisiya opanda womasulira. Zaka zonsezi zinali zisanachitikepo. Ine ndinasunthira kufupi ndi malemu a pulasitiki aja, tinaima awiri ngati anthu odziwana.

Chemwali anatitengera ku tebulo lalitali. Pakati pake panali kabokosi kokhala ndi babu pamwamba ndi batani pambali, ndipo kumapeto onse awiri a tebulolo kunali chogwirira chachitsulo. Anafotokoza kuti wina akagwira uku, wina uko, awiriwo n'kugwirana manja, babu limayaka, poti timagetsi tochepa tosapweteka timadutsa m'matupi mwawo.

"Iwe wasukulu, udine batanili osasiya," anauza mwana wathu. "Agogo gwirani apa. Bambo gwirani uko. Eya. Tsopano gwiranani manja."

M'chipindamo munangoti zii. Ndinamva wotchi ya pa mkono wa munthu yemwe anali panja.

"Chemwali," anatero apongozi atayang'ana kukhoma, "auzeni bambowo kuti zimenezo sizingatheke."

"Chemwali," ndinatero ine nditayang'ana kuzenera, "auzeni amayiwo kuti ndamva ndipo ndikugwirizana nazo."

Chemwaliyo anatiyang'ana uku ndi uku. "Mwayambana?"

"Ndi apongozi awo," anatero mwana wathu motsitsa mawu.

"Ooh. Pepani, kwathu kumpoto ziliko koma sizifika pamenepa."

Sindinafune kuti ulendo wa thumba lathunthu la nandolo uthere pa babu losayaka. Ndinapempha kudzera mwa chemwali kuti apongozi agwire ndodo yawo mbali imodzi, ine ndigwire inayo. Anavomera. Tinatambasula ndodo pakati pathu ngati anthu opulumutsana pa mtsinje. Mwana anadina batani. Babu linangokhala.

"Chawonongeka chinthu chawochi," anatero apongozi. "Za m'tauni n'choncho, kukongola kunja."

Chemwali anayamba kusuntha kuti aime pakati pathu, koma anaima n'kutembenukira kwa mwana. "Iwe, tauze. Lalekeranji kuyaka?"

Mwanayo anayang'ana anganga ake kaye. Masabata onsewo anali asanalankhule nawo mawu opitirira moni.

"Silinawonongeke, anganga. Ndodo yanuyo ndi mtengo wouma, magetsi sadutsamo. Pakufunika chitsulo."

"Ndiye ndikathyole chisitima chili panjacho?"

Mwana anapita pa basiketi, n'kusolola supuni ija, n'kuipukuta ndi kansalu, n'kuibweretsa. Apongozi anaiyang'ana, anayeza kutalika kwake ndi maso, n'kuganiza nthawi yokwanira kuphika nyemba. Pomaliza anati, "Chemwali, auzeni kuti supuni si dzanja. Koma agwire kumchira kwenikweni."

Ndinagwira kumchira ndi zala ziwiri, iwo anagwira kumutu. Aliyense anayang'ana kwake. Mwana anadina batani, babu n'kuyaka, kabokosi n'kuyamba kulira ngati nkhululu. Chemwali ananena kuti timagetsito sitimveka m'thupi, koma ine ndinatimva. Tinalowera ku chala, tinakwera m'mkono, tinakafika m'khosi muja munauma n'kuliwongola. Kuyambira tsiku limenelo tochi ikafooka ndimangoigwira kanthawi.

Apongozi sanasiye supuni. Anayang'anitsitsa babulo. "Iwe, tabwereza. Magetsiwa adutsa pati?"

"Achokera m'bokosi, alowa mwa inu, adutsa m'supuni, alowa mwa ababa, n'kubwerera m'bokosi."

"Achoka mwa ine n'kulowa mwa bambo ako?"

"Eya anganga."

"Osati achoka mwa iwo n'kulowa mwa ine?"

Mwana anasuzumira mawaya a kuseri kwa bokosi. "Ayambira mbali yanu."

"Chabwino. Akulu ndiwo amayamba."

Nthawi yomweyo akazi anga anatulukira pakhomo n'kutipeza tili chigwirire supuni imodzi, babu likuyaka pakati. Anaima ndi chikwama chawo m'manja. "Ndangochoka mphindi zisanu," anatero.

Apongozi ndi munthu wosagula mbuzi asanaione mano. Anakayikira kuti mwina mwanayo wangolasa mwamwayi, choncho anayamba kumuyesa. Anamasula mpango wa kumutu. "Uwu?"

"Siliyaka."

Tinagwira mpango uku ndi uku. Silinayake.

Anatulutsa chinangwa chophika, chachitali bwino. "Ichi ndi mtengonso. Siliyakanso eti?"

"Liyaka, anganga. N'chonyowa, komanso munathira mchere."

Apongozi anaseka chamumtima ngati munthu yemwe wagwira wakuba. Tinagwira chinangwa, ine kumchira monga mwa lamulo. Babu linayaka, nkhululu inalira. Anayesa chivindikiro cha poto, anayesa lamba wa basiketi, anayesa ndalama yachitsulo koma ndinakana poti inali yaifupi kwambiri. Chilichonse mwana ankanena chisanachitike, ndipo sanaphonye ngakhale kamodzi. Alendo ena anayamba kutizungulira poganiza kuti ndife ogwira ntchito pamenepo. Bambo wina wa tayi anandifunsa kuti chionetsero chotsatira chiyamba nthawi yanji.

Kenako apongozi anatembenukira kwa chemwali.

"Inu munaphunzira sukulu yogonera komweko?"

"Eya agogo, zaka zinayi."

"Amakudyetsani chiyani?"

"Nyemba. Lolemba nyemba, Lachiwiri nyemba."

"Zofumbwa?"

"Nthawi zina."

"Mpanda ulipo?"

"Ulipo, wa njerwa. Ndi mlonda. Ndi amayi oyang'anira atsikana, olusa kuposa inu."

"Wolusa kuposa ine sanabadwe," anatero apongozi, n'kubwezera supuni m'basiketi. Za sukulu sananenenso kanthu. Mwana anandiyang'ana, ine ndinayang'ana akazi anga, akazi anga anakweza mapewa.

Tinadya panja pansi pa mtengo. Kunena zoona iwo anadya pansi pa mtengo, ine ndinatenga gawo langa n'kukadyera kuseri kwa chiinjini cha sitima. Mlonda wa pamalopo anandipeza ndikusenda dzira n'kundifunsa ngati andithamangitsa. Ndinamuuza kuti kuli apongozi. Anavula chipewa, anati nayenso ndi wa ku Phalombe, kwa Chiwalo, ndipo malo omwe ndinakhalawo ndi omwe amadyera iye apongozi ake akabwera kudzamuona.

Masana tinalowa m'masitolo. Poyamba tinapita ku sitolo yaikulu ija ya zitseko zagalasi zotseguka zokha. Apongozi atayandikira, chitseko chinatseguka, iwo n'kunena kuti zikomo. Anabwerera m'mbuyo, chinatsekeka. Anayandikiranso, chinatseguka. Anachita zimenezi mpaka kumbuyo kwathu kunapangika mzere wofika kumsewu. Kenako anakodola mdzukulu wawo.

"Akutsegula ndani?"

"Palibe, anganga. Onani kadiso ako pamwambapo. Kakaona chinthu chikuyenda kamauza mota kuti ikoke chitseko."

"Ndiye mbuzinso chingaitsegulire?"

"Chingaitsegulire."

"Ndiye n'chopusa."

M'katimo munali kuzizira ngati pamwamba pa Mulanje mwezi wa Juni. Tinaona nandolo wa m'mapaketi, woyera bwino, wolembedwa Chingerezi. Ndinamuzindikira, anali wanga yemwe, anangosamba n'kuvala. Nditaona mtengo wake ndinamupatsa moni waulemu n'kudutsa. Akazi anga anagula sopo ndi shuga, mwana anakankha kangolo ka m'sitolo, apongozi anakwera mtengo wa chilichonse ndi mawu n'kutsika osagula kanthu.

Kenako tinabwerera mu Limbe, ku masitolo a nsalu. Apa ndi pomwe ndinayamba kutaya mtima. Apongozi analowa sitolo yoyamba, anatsitsitsa nsalu khumi, anazifinya, anaziunika padzuwa, ina anailuma, n'kutuluka. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu mwini wake atationa tikubwera anayamba kutseka mawindo. Dzuwa linali litapendeka, minibasi za ku Phalombe zinkaitanira, ndipo za sukulu panalibe ngakhale liwu limodzi. Mwana ankayenda kumbuyo atanyamula basiketi, maso pansi. Ndinauza akazi anga chapansipansi kuti awafunse amayi maganizo awo. Anandiyankha kuti ngati ndatopa ndi moyo ndifunse ndekha.

Tikulowera ku depoti, apongozi anaima pa sitolo ya zitsulo. Pakhonde pake anaunjikapo ndowa, mapoto ndi mathiranki, mabokosi achitsulo aja amasungiramo zovala. Anagogoda limodzi ngati akusankha dzungu. Anagogoda lina. Lachitatu, labuluu, analitsegula, ananunkhiza m'kati, analitseka, n'kukhalapo ndi thupi lonse.

"Achimwene, ili likapindika ndibweza."

"Silipindika mayi, limeneli ngakhale njovu."

"Njovu sinalipire. Loko alipo?"

"Alipo."

"Wa makiyi angati?"

"Atatu."

"Mmodzi wa mwana, mmodzi wanga. Wachitatuyo mutaye, angatole anthu."

Mwana anaika basiketi pansi pang'onopang'ono. "Anganga, thirankilo n'landani?"

"Ukufuna ukasunge zovala m'thumba la feteleza, atsikana a m'tauni akakuseke? Ndipo umve. Tchuthi chilichonse ubwere kuno, osati kwa anzako. Ndikakuperekeza ndekha, mpandawo ndikauone ndi maso anga. Ukadzamaliza udzandiikire babu m'nyumba mwanga, loyaka popanda kugwirana ndi munthu."

Anamasula pa mfundo ya chitenje ndalama zomwe anasungira nsalu n'kupereka. Mwana anagwada pakhonde la sitolo pomwepo, pakati pa ndowa, n'kuwagwira miyendo. Iwo anamuuza kuti adzuke akudetsa diresi. Akazi anga anayamba kufufuza chinachake m'chikwama chomwe sanachipeze. Ine m'maso munalowa fumbi la mu Limbe, lomwe aliyense akudziwa kuti ndi loyabwa kuposa fumbi lina lililonse. Ndinasenza thiranki pamutu, ndipo linali lopepuka moti ndinachita kuligwira kuti lisauluke.

Patatha masabata awiri silinalinso lopepuka. Apongozi analongezamo makaka, mtedza, ufa wa phala, mbatata ndi nsomba zouma, zovala n'kuchita kupempha malo. Tinalikweza amuna anayi, minibasi n'kudzutsa matayala akutsogolo. Apongozi anamuperekezadi iwo eni. Akazi anga, omwe anapita nawo, akuti atafika sanayambe ndi ofesi. Anazungulira mpanda wonse akuuyeza ndi ndodo, anapeza pena pofupika, n'kukaitana aphunzitsi aakulu kuti adzaone. Ndamva kuti pamenepo anawonjezerapo mizere itatu ya njerwa sabata yomweyo.

Mwanayo pano ali Fomu 3. Apongozi amauza aliyense kutchalitchi kuti maganizo otumiza mwana ku Blantyre anali awo kuyambira pachiyambi, koma panali munthu wina pakhomopo yemwe ankakanakana chifukwa choumira. Nkhaniyi yafala ndithu. Pa msika wa Chiringa azimayi amandiloza ndi milomo, amvekere ndi awo ankakaniza mwana sukulu aja. Ine ndimangoweramitsa mutu n'kugula tomato wanga.